Sri Lanka yense m'masiku 4? Lekani kunamiza anthu

Pali kampani ina yokonza maulendo imene ikutsatsa kuti idzaonetsa anthu Sri Lanka yense m'masiku 4: Colombo, Kandy, Nuwara Eliya, Ella, Mirissa, Galle, kenako kubwerera kubwalo la ndege. Zimenezi zandipsetsa mtima, chifukwa pali anthu amene alipira kale. Wolemba ndondomekoyi anangoyendetsa chala pamapu, n'kuona kuti matauniwo ayandikana, basi n'kuika mtengo. Kumeneko n'kuba.

Pachilumba chimenechi ulendo umawerengedwa ndi maola. Makilomita amanyenga. Kuchoka ku Colombo kupita ku Kandy ndi makilomita pafupifupi 115, koma pamsewu mumatha maola 3 mpaka 4, chifukwa mukulimbirana njira ndi mabasi, malole ndi ma tuk-tuk, ndipo chakumapeto msewu umayamba kukwera. Kuchoka ku Kandy kupita ku Nuwara Eliya sipakwana n'komwe makilomita 80, koma ndi maola enanso pafupifupi 3. Mukunyamuka pamtunda wa mamita 500 kukafika pa mamita 1,868, kudzera ku Ramboda, kona pambuyo pa kona, ngati kukwera Chiweta koma kosatha. Wokhala mpando wakumbuyo nseru imamupeza. Akafika, mukufuna ayendenso m'minda ya tiyi madzulo omwewo? Ndi mphamvu ziti? Komanso usiku kumeneko kumazizira zenizeni, ndiye munthu amene munamuuza kuti angotenga zovala zakunyanja agona akunjenjemera, wopanda ngakhale juzi.

Nanga sitima yapamtunda ija mumaika pazithunzi zanu? Kuchoka ku Kandy kukafika ku Ella imatenga maola pafupifupi 7 ikasunga nthawi, ndipo kuchedwa sinkhani yachilendo. Ku Nuwara Eliya sifika, imaima pa Nanu Oya, makilomita ngati 8 kuchoka m'tauni, ndiye pamafunikanso galimoto. Kuchoka pa Nanu Oya kupita ku Ella ndi maola pafupifupi 3. Mipando yosungitsa imayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 30 ndipo imatha msanga. Wochedwa amakwera mabogi osasungitsa, n'kuima njira yonse atapanikizana ndi anzake, zenera osaliona. Mvula ikachuluka dothi limagumuka n'kukwirira njanji kapena msewu, choncho musanalipire funsani ngati sitimayo ikuyenda chigawo chimene mukufunacho. Pandondomeko ya masiku 4 palibe pothawira: sitima ikangochedwa maola 2, zonse za tsikulo zagwa.

Maola, abale, maola! Ku Horton Plains, malo osungirako zachilengedwe a kumapiri, kuli phompho lotchedwa World's End, lakuya mamita pafupifupi 870. Kuti mulione muyenera kunyamuka ku Nuwara Eliya cha m'ma 5 koloko m'mawa, chifukwa ikamakwana 10 koloko nkhungu imakhala itaphimba zonse, ndipo njira yozungulira yapansi ndi makilomita oposa 9. Anangumi a ku Mirissa nawonso maboti ake amanyamuka m'mamawa, cha m'ma 6 koloko. Kutanthauza kuti muyenera kugona ku Mirissa komweko usiku wake. Tsono kuchoka ku Ella kutsika phiri kudzera ku Wellawaya mpaka kugombe lakummwera ndi maola ena 3 mpaka 4. Phatikizani nokha. M'masiku 4 muli m'mawa 4 basi, ndipo uliwonse wadyedwa kale ndi kulongedza zikwama.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Makampani amadziwa kuti mndandanda wautali wa mayina ndi umene umagulitsa, nkhani yake ndi yomweyo.

Amene ali ndi masiku 4 kapena 5 asankhe chimodzi. Ngati ndi nyanja, msewu wa Southern Expressway umakufikitsani ku Galle kuchoka ku Colombo m'maola osakwana 2. Khalani komweko, yendani wapansi pamwamba pa linga limene Apwitikizi anayamba kumanga ndipo Adatchi analikulitsa atalilanda mu 1640, dikirani dzuwa lilowe muli pakhomapo, mawa lake pitani ku Mirissa. Ngati ndi mapiri, Kandy ndi Ella zakwana, mukaone mlatho wa Nine Arch ku Ella sitima ikudutsa, osati kungotsika m'galimoto, kujambula, n'kukweranso. Wofuna zonse ziwiri apeze masiku 10, ndipo malo aliwonse agonepo kawiri. Lamulo lake n'losavuta: tsiku loyenda mtunda lisakhalenso tsiku loona malo. Kachisi wa Abuda wa Sri Dalada Maligawa ku Kandy yekhayo amafuna nthawi yake: kuvula nsapato, kuvala zophimba mapewa ndi mawondo, kuima pamzere pamodzi ndi opembedza atanyamula maluwa. Ndi malo opemphereramo a anthu, simungawathamangitse chifukwa dalaivala wanu akuimba hutala panja.

Ndipo chinanso chimene chikundinyansa: ulendo womwewu akuugulitsa mu June ndi July, chithunzi chake chili cha nyanja yabata ya ku Mirissa. Kuyambira May mpaka September mphepo yamvula imawomba kuchokera kummwera chakumadzulo, mafunde a gombe limenelo amakhala aukali, ndipo nyengo ya anangumi imakhala itapita. Gombe lakummwera nthawi yake ndi December mpaka March. Miyezi ya pakati pachaka nyanja yabwino ili kummawa, ku Trincomalee ndi ku Arugam Bay. Munthu wosadziwa ngakhale zimenezi akutolera ndalama za anthu chifukwa chiyani?