Za ma Windows odulidwa aja amati Lite

Mwezi wathawu mlongo wanga anapititsa laputopu yake kwa mnyamata wina wokonza makompyuta mtauni muno, ka Dell kakaunjika ka RAM 2GB, kamachedwa koopsa. Madzulo atakatenga kanali kuthamanga zedi, kuyaka osakwana ndi miniti yomwe, mpaka anamuwonjezera ya fanta mnyamatayo. Mawa lake kushopu akufuna kupulinta ma CV a makasitomala, printer osaoneka. Tayesa kuika ma driver, kukana. Nditasuzumira mkati ndinapeza kuti anamuikira Windows 7 Lite, ndipo amene anaidulayo anachotsa print spooler (kapulogalamu kotumiza ntchito ku printer), Windows Update yobweretsa ma update kulibe, Defender yoteteza kompyuta kulibenso. Mnyamata uja sanamuuze chilichonse.

Zinthuzi si za Microsoft ayi. Munthu wamba amatenga ISO (fayilo yoikira Windows m'kompyuta) n'kuisenga ndi mapulogalamu ngati nLite kapena NTLite, chimene akuona kuti n'chosafunika amataya, kenako n'kuiponya pa intaneti. Kale kunali TinyXP, kunabwera Tiny7, pano anthu ali pa Tiny10 ndi Tiny11.

Ine anthu amene amaziika sindiwanyoza, ndikudziwa mtengo wa laputopu yatsopano ndipo ndikudziwa malipiro athu. Windows 11 ikufuna RAM 4GB ndi TPM 2.0 (kachipangizo kachitetezo ka mkati mwa kompyuta), zinthu zoti makompyuta ambiri amene tili nawo m'maofesi ndi m'manyumbamu alibe, Windows XP a Microsoft anasiya kuipatsa ma update mu 2014, Windows 7 mu January 2020, Windows 10 nayonso pa 14 October 2025, ndiye mwana wa ku koleji amene ali ndi kamakina ka zaka 12 atani, akataye? Sangataye.

Koma chimene chimandiwawa ndi ichi abale. Munthu amene watha kuchotsa zinthu mkati mwa Windows angathenso kuikamo zake, ndipo iwe sungadziwe. Dzina lake lenileni sukulidziwa, kumene ali sukudziwa, koma pa kompyuta yomweyo ukulembapo password ya ku banki, ya imelo, ya Facebook. Si onse oipa, ena amangokonda kuseweretsa makina, koma ISO yoti yadutsa m'ma flash a anthu 10 ndani angalumbire kuti ikadali mmene inalili? Komanso update ikapanda kulowa mabowo olowera ma virus amangokhala otsegula. Virus ija ya WannaCry ya May 2017 inaimitsa ntchito m'zipatala za boma (NHS) ku Britain, ndipo makompyuta ambiri amene inagwira anali a Windows 7 osaikidwa update. Ngakhale Chrome pa Windows 7 inathera pa version 109, zatsopano sizilowanso.

Inu achimwene okonza makompyuta, chonde muzimuuza kasitomala chimene mwamuikira. Ngati ndi yongoimbira nyimbo kapena kutaipira, yosalowa pa intaneti, palibe vuto kwenikweni, aziigwiritsa ntchito. Koma ya bizinesi, yolowa ku banki, musaike mwakachetechete kuti munthu angosangalala kuti yathamanga.

Ya mlongo wanga tinaifufuta yonse ndikuikamo Linux Mint Xfce m'malo mwa Windows, printer yake ya HP inaoneka yokha osafunanso CD. Sabata yoyamba anadandaula kuti LibreOffice, pulogalamu yotaipira ya m'menemo, siikufanana ndi Word, ma CV ena amasuntha mizere, pano akumawasunga ngati PDF asanapulinte. Ma password onse ndinamuuza asinthe tsiku lomwelo.