Kulankhula bwino kwakugonetsani m'chipatala

Ndatopa nanu, ana inu. Sabata yatha ndinachezera m'chipatala, nditakhala pambali pa bedi la mwana wa mlongo wanga, diripi ili pamkono, milomo itachita kusweka ndi kuuma. Mnyamatayu amadwala shuga kuyambira ali pasukulu. Anasiya kudzibaya insulin masiku anayi chifukwa mlendo wina wa pa podcast, mapulogalamu ocheza aja omvera pa intaneti, anati kusala kudya kumatsuka thupi lonse. Mahedifoni anali akadali m'thumba la jekete lake. Atatsitsimuka ndinamufunsa kuti, kodi munthuyo ndi dokotala wa chiyani? Iye ndiye akuti, "Amalume, amalankhula bwino kwambiri."

Amalankhula bwino! Nanga wakuba uti amene amachita chibwibwi?

Masiku ano anthu awiri akangogula maikolofoni, n'kukhala pamipando yofewa, n'kumagwedezerana mitu kwa maola atatu, basi kwa inu asanduka madokotala. Dokotala amene anakuyezani magazi mumamutsutsa, koma uyu amene sadziwa ngakhale dzina lanu mumamumvera ngati mfumu. Mwaiwala kale za ivermectin? Mankhwala a njoka zam'mimba aja anthu anawathamangira kuti achiza Covid, kafukufuku wamkulu n'kupeza kuti sathandiza. Mu Januwale 2022 madokotala ndi asayansi 270 anachita kulembera kalata kampani ya Spotify kudandaula ndi zomwe zinkanenedwa za Covid pa podcast ya Joe Rogan, yomwe kampaniyo inkaulutsa. Inu kalatayo munaiwerenga? Kapena munali kalikiliki kutumizirana tizidutswa ta masekondi 40?

Za ndalama ndiye musandiyambe. Mu Novembala 2021 Bitcoin, ndalama ya pa intaneti ija, inafika pafupifupi madola 69,000, aliyense wa maikolofoni akukuwa kuti gulani, mutsala. Chaka chimodzi chokha, inali pansi pa madola 17,000. Amene ankakuwa aja anakubwezerani kangati? Sam Bankman-Fried ankaitanidwa paliponse kukaphunzitsa anthu nzeru za chuma, tsitsi lili nyankhalala, akuoneka wofatsa. FTX, kampani yake yogulitsirako ndalama za pa intaneti, inagwa mu Novembala 2022, ndipo mu Malichi 2024 anamugamula zaka 25 m'ndende. Chikomekome cha mkuyu! Kim Kardashian analipitsidwa madola 1.26 miliyoni ku America chifukwa chotsatsa ndalama ya pa intaneti osaulula kuti anamulipira madola 250,000. Uyo anagwidwa chifukwa ndi wotchuka. Nanga wanu uja, amene amadula nkhani pakati n'kuyamba kutamanda ufa wa m'botolo ndi maphunziro ake olemeretsa m'masiku 30, mumaganiza kuti amadya chiyani? Akanakhala ndi njira yolemerera, bwenzi akukugulitsani inu?

Ndiye pali tianyamata tosakwatira tikuphunzitsa amuna aakulu kulamulira banja. Izo ndiye ndingoti kaya.

Musandimve molakwa, inenso ndimamvera ma podcast ndikamachapa, ndipo ena ndi aphindu ndithu. Koma sindinatayepo mapiritsi anga a BP chifukwa cha mawu okoma a munthu wosamudziwa, kapena kukongola ndalama kuti ndikaike pomwe wanena mlendo wa Lachiwiri. Mlongo wanga walira masiku atatu. Wa podcast uja watulutsa kale pulogalamu ina, akuseka.

Vulani mahedifoniwo, mukamwe mankhwala anu.