Tsitsi silithothoka pa chifukwa chimodzi

A mtolankhani, mwalemba kuti mafuta a nsatsi amameretsa tsitsi, koma choyamba tidziwe chomwe chalithothola. Mwana akakhala ndi zigamba zozungulira, zoyabwa, zotuwa ngati mfundu, kawirikawiri ndi chipere. Zodzola sizifika kumizu. Pamafunika mapiritsi monga griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo chipeso ndi makina ometera asabwerekane.

Amayi, tsitsi likamatha m'mbali mwa chipumi, kawirikawiri vuto ndi kuluka kothina ndi guluu wa wigi. Mukaona tiziphuphu kapena mutu ukuwawa mutalukidwa, masulani tsiku lomwelo. Khungu likasalala n'kumanyezimira ngati chipsera, mizu yafa, ngakhale mankhwala omeretsa tsitsi a minoxidil sathandizanso. Musadikire zimenezo: tengani kalata kukiliniki yakwanu, mukaonane ndi dokotala wa khungu ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka.