Yang'anani mita musanagone

Alembi, m'nkhani yanu ya kasamalidwe ka madzi mwanena zoona kuti madzi ambiri timataya pakhomo pomwe. Ife a ku Ntcheu sitinaiwale 2018 damu la Mpira litauma, amayi akulawirira ku mjigo ndi zigubu kukadali mdima.

Chomwe nkhaniyi yangodutsapo ndi kudontha kobisika. Madzulo tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita, m'mawa muyang'anenso wina asanatunge. Akasuntha, paipi yaphulika pansi kapena thanki ya chimbudzi ikutaya madzi usiku wonse. Mpopi wodontha nthawi zambiri vuto ndi kalabala ka m'kati komwe kaperepeseka. Kamapezeka m'mashopu pa boma, ndipo kusintha kwake sikufuna pulambala, bola mwayamba mwatseka madzi pa mita. Kumanga mpopi ndi lekeni, monga timachitira ambiri, n'kungochedwetsa bilu.

Madzi otsukuluzira zovala ndi okolopera amenewo, osati kukhuthulira pabwalo. Otsukira mpunga ndi masamba apite ku mpiru kuseri kwa nyumba, koma a sopo wambiri musathirire ndiwo. A malata, ikani mgolo pansi pa denga mvula ikayamba, muzivundikira chifukwa cha udzudzu.