Woweruza aziona munthu, asamangowerenga mlandu

Mu 2011, mumzinda wa Genoa ku Italy, bambo wina wosowa pokhala anagwidwa m'sitolo atabisa tchizi ndi soseji m'thumba, zinthu za mayuro 4 basi. Khothi linamugamula kuti akakhale kundende miyezi 6 ndiponso alipire chindapusa cha mayuro 100. Mlandu unakwera mpaka kukhothi lalikulu la apilo, ndipo mu 2016 oweruza kumeneko anamumasula. Iwo anati munthu amene watenga chakudya chochepa chifukwa njala yamupana sanapalamule mlandu.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwapukusa kale mitu, mukuti wakuba ndi wakuba. Ndikukumvetsani, kuberedwa kumawawa, ndipo wodandaula nayenso amafunika kumumvera chisoni. Komatu chifundo chimene ndikunena ine si kulekerera. Ndi kufunsa kuti munthuyu ndi ndani, chinamufikitsa apa n'chiyani, ndipo akadzatuluka m'ndende adzakhala wotani.

Taonani zomwe zinachitika ku California, chigawo china cha dziko la America. Mu 1994 anakhazikitsa lamulo loti amene ali kale ndi milandu ikuluikulu iwiri, akapalamula kachitatu azilandira zaka zosachepera 25. Bambo wina yemwe anali ndi milandu yakale yothyola nyumba anaba matepi a vidiyo 9 m'masitolo awiri, amtengo wa madola pafupifupi 150. Anamupatsa zaka zosachepera 50. Mu 2003 khothi lalikulu la dziko la America linavomereza chilangochi, oweruza 5 kuvomera, 4 kukana. Zonse zinayenda motsatira lamulo, koma ndani angandiuze ndi mtima wonse kuti chimenecho n'chilungamo? Anthu a ku California eni ake anavota mu 2012 kuti lamulolo lifewetsedwe.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti chifundo chimenechi nthawi zambiri chimafikira amene ali ndi loya wodziwa kufotokoza mbiri yawo. Wosauka amangoima yekha m'kabokosi, akunjenjemera, osadziwa n'komwe kuti pali mpata wodandaula chigamulo chisanaperekedwe. Akafunsidwa ngati ali ndi mawu, amangoti "mundikhululukire bwana." Za ana omwe awasiya kunyumba, za matenda, zoti aka n'koyamba kulakwa, palibe amene wamva.

Woweruza amene amaima kaye n'kumufunsa munthu wotereyu mafunso awiri atatu, ine ndimamulemekeza kwambiri.