CHENJEZO KWA INU OKWERETSA AGALU KUNO KU JONI

Ana inu, ndakhala chete nthawi yaitali koma lero ndilankhula, okwiya akwiye. Aliyense pano wasanduka mlimi wa agalu, bwana akangokupatsa ka Border Collie kapena ka Jack Russell basi mawa lake tiana tili pa Facebook, kuyambira ku Rosettenville mpaka ku Cosmo City, ndipo ena mukukweretsa galu ndi mlongo wake wa bere limodzi ati mtundu usasokonekere. Mtundu wake uti?

Pali matenda a kumtundu omwe galu amabadwa nawo, sikuti anadya zoipa kapena wina wamulodza ayi. Ma Border Collie ali ndi lawo lotchedwa TNS, asilikali a m'thupi amapangidwa bwinobwino m'mafupa koma amakanika kutuluka kukalowa m'magazi, ndiye kagaluko sikakula, kamutu kowonda, lero kutsegula m'mimba mawa kutentha thupi mkuja miyendo kutsimphina, ndipo ambiri safika ndi chaka chomwe. Ma Irish Setter nawo ali ndi CLAD, zilonda kusapola, mchombo kutukusira, nkhama kutupa.

Chomwe simukumva ndi ichi, mayi ndi bambo a tianato amaoneka athanzi, ubweya kung'anima, kuthamanga ngati mphepo, koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Aliyense wanyamula theka la nthendayo mwakachetechete ndipo mukawaphatikiza, mwana aliyense ali ndi mwayi umodzi mwa 4 wobadwa wodwala, pomwe pafupifupi theka la ana amangonyamula n'kudzapatsiranso ana awo. Ndi maso simungaone olo mutamuyang'ana tsiku lonse.

Kuyezetsa kwake sikovuta, a vetenale amangopukuta ndi kathonje mkati mwa tsaya kapena kutenga timagazi pang'ono n'kutumiza ku labu kukaona DNA, ndipo ndi kamodzi basi moyo wake wonse. Wonyamula musamutaye, galu wabwinobwino ameneyo, kungoti musamukweretse ndi wonyamula mnzake. Ndalama ya Black Label pa weekend siisowa, koma ya test ndiye ati yadula.

Inunso ogula mumandidabwitsa, kulandira galu m'katoni pa renki osafunsa pepala lililonse. Mlongo wathu wina anagulira ana ake kagalu ndi ndalama yochapa zovala za eni, patangotha miyezi itatu anali akukumba manda a kagaluko kuseri kwa nyumba ana akulira, wogulitsa uja foni anazimitsa kalekale.