Chenjezo kwa inu omanga nyumba za lendi ndi pulani yobwereka

Ana anga, ndikulankhula ndi inu amene mwapezako kangachepe n'kuganiza zomanga nyumba za lendi, kaya muli konkuno, kaya muli ku Joni kapena ku UK. Lekani khalidwe lomanga ndi pulani yongojambula pa foni kwa mnzanu. Mukuika miyoyo ya anthu pachiswe.

Munthu wagula poloti ya mamiliyoni, waunjika simenti matumbamatumba, koma akangomva kuti akitekiti, katswiri wojambula mapulani a nyumba, akufuna malipiro ake, nkhope yagwa. Akuti, "Aaa, kungojambula basi? Bilidala wanga amadziwa zonse." Mmisiri sindikumunyoza, ndi munthu wofunika, koma ntchito yake ndi kumanga zomwe zalembedwa. Akitekiti amafika pamalopo, n'kuona kumene madzi a mvula amalowera, kumene dzuwa limawomba masana, pamene pakhale dzenje la chimbudzi kuti litalikirane ndi chitsime. Ndiye amaitananso injiniya kudzawerengera maziko ndi zitsulo. Pulani yomwe inagwira pa katondo singagwire pa makande a kudambo, omwe amafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe.

Chaka chatha ndinakaona nyumba ya mwana wa mlongo wanga. Iye ali ku Johannesburg, ankangotumiza ndalama n'kumalandira zithunzi pa WhatsApp. Pulani inali ya nyumba yapansi, koma itafika pa lintala anati, "Tisanjikepo ina pamwamba, lendi ichuluke." Sanafunse aliyense ngati mazikowo angasenze katunduyo. Mapolo ochirikiza silabu anawachotsa pasanathe sabata chifukwa ankafunika kwina, chonsecho konkire imafuna kuthiriridwa madzi, ndipo mphamvu yake imawerengedwa pa masiku 28. Nditafika, mng'alu wa pabalaza ndinalowetsamo chala changa chonse. Chitseko cha kukhitchini sichinkatsekeka, felemu itapindika. Pansi pa silabu imeneyo pankagona mayi ndi ana ake atatu. Usiku umenewo tulo sindinatione. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo amadya ndi mlendi wosalakwa.

Kodi mwaiwala kale? Mu 1989 chivomezi chinagwedeza Salima, mu December 2009 chinagwetsa nyumba ku Karonga. Dziko lathu lili m'chigwa cha zivomezi. Mu March 2023 namondwe Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, tinaika maliro ambirimbiri ku Chilobwe. Lero anthu akugulabe mapoloti m'mapiri ndi m'mphepete mwa Lingadzi chifukwa choti ndi otchipa.

Musatinso akatswiri kulibe. Ana athu omwe akuphunzira ntchito imeneyi ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic. Koma si aliyense wodziwa kujambula pa kompyuta amene ndi akitekiti. Mufunseni umboni woti analembetsedwa kubungwe loyang'anira akatswiri amenewa la Board of Architects and Quantity Surveyors, ndipo kontirakitala akuonetseni chiphaso cha bungwe la boma loyang'anira ntchito zomangamanga. Mugwirizane polemba kuti azibwera kudzayendera ntchito, makamaka pokumba maziko, pomanga zitsulo ndi pothira silabu. Pulaniyo ikadutse kukhonsolo musanakumbe, osati kuthamangirako atakulemberani kale pakhoma kuti muimitse ntchito.

Mwana wa mlongo wangayo ndinamuimbira foni m'mawa mwake, alendi anasamuka. Injiniya atabwera anati yapamwambayo igumulidwe, ndipo ndalama zogumulira zikuchokeranso m'thumba lomwe lija.